Kope Lachinayi

Tinali pakhonde Lamlungu masana, titangotha kudya. Akazi anga ankasokerera batani pa malaya anga, mwana wathu woyamba ankaluka tsitsi la kamwana kake, ndipo alamu anga, mlongo wawo wa akazi angawo, anali atalanda mpando wabwino uja monga amachitira nthawi zonse. M'manja mwawo munali buku langa.

Inde, buku langa. Ine ndine kalipentala, koma msana utandiletsa kukwera madenga ndinayamba kulemba za moyo wanga m'makope a ana asukulu. Zinanditengera zaka zitatu, makope asanu ndi awiri. Palibe amene ndinamulola kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Ndinkayesa kuti mlembi weniweni amagwira ntchito yekha, chitseko chili chotseka. Nditamaliza ndinagulitsa makina anga ochekera matabwa n'kupita kwa wosindikiza m'tauni. Mabuku mazana atatu anabwera m'makatoni. Ndinkaganiza kuti anthu aziwalimbirana, koma miyezi iwiri inatha makatoniwo atangodzaza chipinda cha alendo.

"Alembi athu," anatero alamu, "ndiye kuti tsopano tizigwada pokupatsani moni?"

"Werengani, alamu, phokoso ayi."

"Ndikuwerenga. Koma pena pandisokoneza. Pa tsamba ili mudakali mnyamata, mukuphunzira kupala matabwa, nsapato mulibe. Ndangotembenuza kamodzi, muli ndi ana atatu. Anawa munawagula pamsika? Nanga mlongo wangayu munamuona liti?"

Mwana wathu anaseka. Akazi anga sanaseke. Anadula ulusi ndi mano n'kuyang'ana batani lija ngati lili ndi nkhani.

Ndinalanda bukulo. Ndinatembenuza kutsogolo, ndinabwerera m'mbuyo. Alamu sananame. Zaka khumi ndi ziwiri munalibemo. Kope lachinayi lonse silinalowe.

Ndinadziwa pomwepo kumene linali. Ndinapita kuseri, m'kanyumba kanga kogwiriramo ntchito, n'kutsegula bokosi la zipangizo. Linali pansi penipeni, litatsamiridwa ndi tchizulo ndi macheka, utuchi uli mbuu pachikuto. Ndinalibisa ndekha. Linali kope lonena za akazi anga: mmene ndinawaonera koyamba nditapita kukakonza chitseko kwa makolo awo, ukwati wathu, ndi chaka chija ndinagwa padenga n'kugona miyezi isanu ndi itatu, iwo n'kumapala okha matabwa kuti mipando ya anthu ithe. Sindinkafuna kuti alione lisanakhale buku. Tsiku lopita m'tauni ndinangotola mulu wa makope patebulo, n'kuuponya m'jumbo osawerenga.

Ndinaimbira wosindikiza uja ndili chiimire m'kanyumbamo.

"Bambo," anatero mofatsa, "ife timasindikiza zimene mwatipatsa. Kudziwa kuti moyo wanu wadumpha si ntchito yathu. Paja ndinakupatsani buku limodzi loyamba, n'kunena kuti mukaliwerenge kaye bwinobwino. Munayankha kuti chiyani?"

Ndinakumbukira. Ndinayankha kuti, "Ndinalemba ndine, ndiwerengerenji?" Ndinangosisita chikuto, kuona dzina langa ndi chithunzi changa nditavala jekete, n'kumuuza kuti apitirize. Ndinkakhulupirira kuti cholembera chikaikidwa pansi ntchito ya mlembi yatha, zotsalazo pali anthu ophunzira amene amaziona. Ine amene sindinaperekepo tebulo kwa mwini wake ndisanaligwedeze kuti ndione ngati miyendo yalingana.

Nditabwerera pakhonde ndinapeza alamu atatsanzika mwakachetechete, mwana wathu atalowa m'nyumba. Akazi anga anali pomwe paja, akupinda malaya.

"Mayi," ndinatero, "munaliwerenga?"

"Sabata yomwe linabwera. Kawiri."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena chiyani, bambo? Munthu walemba moyo wake. Njinga yanu yoyamba ilimo. Galu uja ankakutsatirani kuntchito alimo, masamba atatu. Ine ndikungotulukira kumapeto, ndikubweretsa tiyi. Ndinangoti mwina ndi mmene munazionera."

Ndinawaonetsa kope lija. Analiyang'ana koma sanalikhudze.

"Paja munandituma kuti ndigawireko anzanga," anapitiriza. "Ndinagawa khumi. Mmodzi anandifunsa ngati ndine mkazi wachiwiri."

Ananyamula malaya aja n'kulowa m'nyumba. Sanamenyetse chitseko. Bwenzi zili bwino akanamenyetsa.

M'mawa mwake ndinawapeza kuseri akuchapa mabulangete m'bafa lalikulu. Ndinakoka kampando, ndinakhala pafupi, kope lili pamaondo. Sindinapemphe chilolezo, chifukwa ndinkaopa kuti akana. Ndinangoyamba kuwerenga.

Iwo ankangochapa, osatembenuka. Ndinawerenga za nyumba ya makolo awo, za diresi lobiriwira limene anavala tsiku lija. Ndinafika pamene ndinalemba kuti chitseko chija ndinachikhoma mopendekera dala, kuti andiitanenso.

"Bodza," anatero, manja ali m'thovu. "Simunachite dala. Ntchito simunkaidziwa. Bambo anga anachita kuitana kalipentala wina."

"Nanga diresi?"

"Linali la achemwali anga. Ndipo silinali lobiriwira."

Ndinatenga pensulo kukhutu n'kukonza. Ndinawerenga mpaka pa chaka chogwa padenga. Apo anasiya kuchapa. Anayang'ana zikhatho zawo, pamene mpaka lero pali chipsera cha tchizulo.

"Zimenezo munaziona?" anafunsa. "Ndinkayesa munali m'tulo masiku onse aja."

"Ndinkamva kupala kwanu ndili pamphasa. Ndinkachita manyazi kutsegula maso."

Anabwezera manja m'madzi.

"Mukanandipatsa kope limeneli kalekale, bwenzi tikukonza limodzi. Mabodza ena ndikanakuchotserani." Anapukuta chipumi ndi mkono. "Ndiye mabuku ali m'chipindamo mutani nawo?"

"Sindikudziwa. Makina ndinagulitsa kale, kusindikizanso sindingathe. Mwina ndizikopera pamanja, n'kumalowetsa mapepala m'buku lililonse."

"Mazana atatu? Ndi maso anuwo?" Anapukusa mutu. "Amene anawerenga anawerenga basi. Mnzanga uja simungamulowetse pepala m'mutu."

Anatulutsa bulangete m'madzi, lolemera, madzi ali chuchuchu.

"Ikani kopelo patali, linganyowe," anatero. "Gwirani uko."

Ndinaliika pawindo, n'kugwira mbali inayo. Iwo anapotoza kumanja, ine kumanzere, madzi akutidonthera kumapazi.