Suti Yopendekera ya Mubita

Mvula inayamba cha m'ma teni m'mawa, yoyamba ya chaka chimenecho, ndipo pofika masana madzi anali kuthamanga m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya atanyamula mapepala ndi masamba. Ndinakokera makina anga mkati mwa khonde. Ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina ya nsapato, ndipo ndakhalapo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Zambiri mwa zaka zimenezo tinali awiri, ine ndi mkazi wanga Perpetua. Ine ndinkadula nsalu ndi kupalasa makina, iye ankapendera ndi kusokerera mabatani pamanja.

Chimwalirireni iye zaka zitatu zapitazo, pali mawu amene akuyenda ku Libuyu kumene ndimakhala. Akuti diso linali la Perpetua, ine ndinali miyendo yopalasira chabe. Ndinawamva ndi makutu anga panja pa tchalitchi, kwa mayi wina amene sanadziwe kuti ndili kumbuyo kwake. Amayi a kwaya, amene tinkawasokera yunifolomu chaka ndi chaka, tsopano amapita kwina. Ndimangoyeza kawiri pamene kale ndinkayeza kamodzi, ndipo palibe chovala chimene chimachoka pakhonde panga msoko uli wokhota.

Tsiku la mvulalo linali Lachitatu, ndipo Mubita anabwera kudzatenga suti yake. Mubita amatsogolera alendo pa mabwato a mphira kumunsi kwa mathithi. Ndi munthu wamapewa akuluakulu koma wolankhula motsitsa. Ukwati wake unali Loweruka lomwelo. Suti ya kutchalitchi anali atagula kale. Imene anaitanitsa kwa ine inali ina, yoti adzalowe nayo m'holo akuvina, yofanana ndi ya munthu wina wa m'filimu amene amauluka ndi kunyamula mabasi. Dzina lake lachizungu silikhala pa lilime langa. Kuno amangomutcha Chimphepo.

Masabata awiri m'mbuyomo Mubita anali atandisiyira chithunzi cha papepala. Chinali cha munthu wovala zabuluu ndi zachikasu, nsalu yaitali ikulendewera kumsana. Mkono wamanzere unali waufupi, wosafika pamfundo ya dzanja. Chizindikiro cha pachifuwa chinali chopendekera. Pabondo panali chigamba cha maluwamaluwa, ndipo nsalu ya kumsana inagwera mbali imodzi. Ndinaona kuti wosokayo anali wophunzira kumene. Sindinafunse kanthu. Ndinasoka mikono yofanana, chizindikiro ndinachiika pakati penipeni, chigamba ndinachisiya.

Mubita anavala kuseri kwa chitseko cha sitolo, n'kudzaima patsogolo pa galasi langa. Inamukhala bwino kwambiri. Anadziyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Ba Ignatius, mwaikonza," anatero pomaliza.

"Inde."

"Koma siyenze yokonza iyi. Ni mwamene ilili."

Anafotokoza mwaulemu, akusisita mkono wamanzere uja. Filimuyi ili ndi zigawo ziwiri. M'gawo loyamba Chimphepo amavala suti yonyezimira. M'gawo lachiwiri, limene langotuluka chaka chino, wakwatira, suti ija yapsa, ndipo mkazi wake, amene sanagwirepo singano chibadwire, wamusokera ina. Yopendekerayo ndi imeneyo. Namakau, mkwatibwi wa Mubita, nayenso sadziwa kusoka, ndipo alangizi a kumudzi kwawo ku Simonga akhala akumunena nazo mwezi wonse. Ndiye Namakau anapempha chinthu chimodzi chokha pa ukwati wonsewo, kuti mwamuna wake adzalowe m'holo atavala suti ya gawo lachiwiri, azakhali ake aone.

Ndinafunsa kuti m'holomo mudzakhala anthu angati. Anati mwina mazana atatu, ndipo woyendetsa mwambo adzatchula dzina la telala, monga amachitira ndi wophika keke. Anatinso kwaya ya ku Libuyu idzaimba, poti azakhali ena a Namakau ali momwemo.

"Pitani nayo kwina," ndinatero.

Anati wayesa kale kuganiza, koma palibe telala wina amene angaigwire masiku awiri okha, ndipo nsalu yabuluu ija inatha m'sitolo. Ndinabwerera pa buluku limene ndinali kufupikitsa. Iye anakhala pa benchi atavalabe sutiyo, manja ali pamabondo.

Pakhondepo tinali ndi ena awiri othawa mvula. Miyoba amagulitsa zikwama za mafoni ndi machaja pa tebulo loyandikana ndi langa. Sinyinda amayendetsa takisi, ndipo anali ataimika galimoto chifukwa panalibe woyenda. Onse anali atamva. Sinyinda ndiye anayamba. Anati mdala akunena zoona, suti yeniyeni ndi ya gawo loyamba, pamene Chimphepo anali mwamuna ndithu, womenya anthu khumi nthawi imodzi. Gawo lachiwiri, anatero, aliwononga ndi nthabwala. Munthu wonyamula basi angamathawe apongozi ake n'kubisala pamwamba pa thanki ya madzi?

"Manje ngati ni yoipa, munaionela chani kanayi?" anafunsa Miyoba.

"Katatu."

"Kanayi, ba Sinyinda. Kachinayi munalila."

"Ni fumbi inangena m'maso."

Miyoba anaseka mpaka kugwira tebulo. Kwa iye gawo lachiwiri ndilo linali filimu. Loyamba linali phokoso ndi kugwetsa nyumba basi, ndipo mkazi yekhayo amene analimo ntchito yake inali kukuwa. Lachiwiri linali ndi anthu oti ungakumane nawo pa msika wa Maramba. Ankakonda pamene mkazi uja amayeza mwamuna wake ndi chingwe cha chaja chifukwa alibe tepi. Sinyinda anavomera kuti pamenepo anasekadi, ndiponso pamene Chimphepo amapulumutsa ndege uku akuyankha foni ya mkazi wake yofunsa ngati wagula anyezi. Anawonjezera malo ena awiri amene anaseka. Kenaka anabwereza kuti filimuyo ndi yosalongosoka.

Mubita sanalowerere kwambiri. Anangoti iye amakonda pamene anthu olemera amamubweretsera Chimphepo suti yatsopano m'bokosi lagalasi, iye n'kuiyang'ana, n'kuthokoza, n'kuuluka ndi yake yomweyo.

Sindinanene kuti ndiona filimuyo. Koma Miyoba anatsamiritsa foni yake pa chitini changa cha mabatani, pamwamba pa makina, n'kuiyatsa. Mvula inali ikadalipo ndipo ndinalibe kopita. Ndinaika buluku pambali.

Chizungu cha m'filimumo n'chothamanga, zambiri sindinamve. Atatuwo ankandiuza zimene zikubwera zisanafike, n'kumakangana za amene wanena molakwa. Nthabwala zina ndinaziona ndi maso. Apongozi aja analidi oopsa. Pamene Chimphepo anatuluka koyamba atavala suti ya mkazi wake, ana a m'misewu akumuseka, iye akuyenda chifuwa patsogolo ngati wavala za mfumu, ndinatulutsa mpweya m'mphuno. Miyoba anandiyang'ana.

Patapita kanthawi ndinasiya kutsatira nkhani. Ndinayamba kuona chovala.

"Imitsani. Bwezani kumbuyo."

Miyoba anabweza. Chimphepo anali atakweza manja onse kunyamula basi. Chovala chosokedwa ndi wophunzira chikanakwera mpaka pamimba, kapena kung'ambika m'khwapa. Ichi sichinasunthe. Ndinapempha kuti akuze chithunzi ndi zala. M'khwapa munali kansalu kowonjezera, kodulidwa mopingasa, kobisika bwino moti ukanakaona pokhapokha ukukafuna.

Tinapitiriza. Ndinaimitsanso pa chigamba cha pabondo. Ulusi wa pamwamba unali waukulu, wofiira, wodumphadumpha ngati mapazi a nkhuku. Koma munthuyo anagwada, anagubuduzika, anakhwekhwerezeka pa msewu, chigamba osatukuka ngakhale ngodya imodzi. Pansi pa ulusi wonyansawo panali msoko wina, waung'ono, wowongoka. Unaoneka kamodzi kokha, dzuwa litaomba cham'mbali.

Chimene chinandigwira kwambiri chinali nsalu ya kumsana. Nthawi iliyonse akatera pansi, inkagwera kumanzere, malo omwewo, mapindidwe omwewo. Ndinawerenga kasanu ndi kawiri. Nsalu yolakwika mwangozi sichita zimenezo, imagwa lero uku mawa uko. Iyi anaidula mwadala mopendekera, ndipo mu mpendero wa kumanzere anaikamo kanthu kolemera pang'ono. Munthu wina anakhala pansi, mwina mwezi wathunthu, kuganiza mmene angasokere chinthu choti aliyense achiseke koma chosamuvuta wochivala. Ndipo anadziwa kuti mwa anthu onse oonera, ochepa okha ndiwo adzazindikire.

Sinyinda anadandaula kuti ndikuwononga filimu ndi kuimitsaimitsa. Miyoba anamuuza kuti akhale chete, poti mwini wake wanena kale kuti ndi yowonongeka.

Itatha, mayina anayamba kukwera pa galasi la foni, ang'onoang'ono, ambirimbiri. Miyoba anafuna kuzimitsa. Ndinamugwira dzanja. Ndinafunsa ngati wosoka zovala amalembedwa pamenepo. Anati onse amalembedwa, ngakhale ophika tiyi. Tinadikira. Anandisonyeza mzere wina umene unali ndi mayina asanu ndi limodzi. Sindinadziwe kuti mwa iwo ndani anadula nsalu ya kumsana ija. Ndinawawerenga onse.

"Nanga mwaiona bwanji, ba Ignatius?" anafunsa Sinyinda. "Yoyamba kapena iyi?"

"Yoyamba sindinaione."

"Nanga iyi?"

"Telala wake ndi telala."

Anadikira kuti ndiwonjezere. Ndinatenganso buluku lija.

Mvula inali itachepa. Munthu wina anaitana takisi kutsidya kwa msewu, Sinyinda n'kuthamanga atafunda nyuzipepala kumutu. Miyoba anabwerera ku tebulo lake kukapukuta madzi. Mubita anali akadali pa benchi, atavala suti yanga yowongoka ija.

Ndinaganiza za Loweruka. Amayi a kwaya adzakhala kutsogolo. Adzaona mkono waufupi ndi chigamba, adzamva dzina langa pa chimkuzamawu, ndipo adzagwedezerana mitu. Ena mwa iwo filimuyo sanaione ndipo sadzaiona. Kansalu ka m'khwapa palibe adzakafufuze. Lamulungu lotsatira mawu aja adzakula, ndipo ine sindidzaima panja pa tchalitchi kufotokozera munthu za mpendero. Ndinaziyeza zonsezo. Kenaka ndinadzifunsa ngati ndingathe kudula nsalu kuti izigwa malo amodzi kasanu ndi kawiri munthu akuvina. Sindinali wotsimikiza. Zaka makumi atatu ndi ziwiri sindinayesepo.

Ndinauza Mubita kuti aime. Ndinamuuza akweze manja, agwade, atembenuke msanga monga adzachitire m'holo. Anachita manyazi chifukwa anthu anali atayamba kudutsa, koma anachita. Ndinalemba ndi choko pa mkono, pachifuwa, ndi paphewa lamanzere. Ndinamuuza kuti ndikufuna nsalu ya maluwa ya chigamba, osati yatsopano, koma yochapidwa kale kambirimbiri. Anati Namakau ali ndi katani yakale ya kukhitchini. Ndinati abwere nayo mawa m'mawa, pamodzi ndi mawashala anayi ang'onoang'ono a ku hadiweya, tizitsulo tozungulira toboola pakati.

"Mawashala ni ya chani?"

"A mu mpendero."

Anavula sutiyo n'kuipinda mosamala kwambiri. Asanapite anaima pamphepete pa khonde, akuyang'ana pansi. Anati akudziwa zimene anthu amalankhula ku Libuyu, ndipo ngati ndikufuna, akhoza kuuza woyendetsa mwambo kuti asatchule telala.

"Atchule," ndinatero. "Ignatius Mwanza. Asalakwitse."

Mubita atapita ndinayala sutiyo pa makina, ndinatenga lezala, ndipo ndinayamba kumasula msoko wa mkono wamanzere.