Nsapato ya Che Sidik

"Che Zubairu, mwatenganso nsapato yanga!" Che Sidik anakuwa pakhomo pa mzikiti ku Ntaja, anthu onse akumva.

Ndinayang'ana pansi. Zoonadi, kuphazi lamanzere ndinali nditavala yawo, kansapato kakang'ono ngati ka mwana wasukulu. Aka kanali kachitatu. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mumtima ndinali ndi mantha. Matenda a shuga anali atawononga mitsempha ya kumapazi kwanga, moti ndinkayenda ngati miyendoyo ndachita kubwereka. Adokotala ku Balaka anali atandichenjeza kale kuti bala likadzabwera sindidzalimva, ndipo mapeto ake ndi kudula mwendo.

Mwana wanga Lukiya, amene amagwira ntchito ku Joni, ananditumizira tikiti ya basi. Kuchipatala chakumeneko anandionetsa chithanki chagalasi chogonamo munthu mmodzi. Akatseka, amapoperamo okosijeni mwamphamvu kuti magazi amufikitse kumitsempha yofookayo.

"Iyayi," ndinakana. "Ili ndi jeneza lonyamulira maliro. Ine sindinafe."

"Ababa, jeneza lake liti loonetsa mpira pakanema?" anatero Lukiya, akuloza kanema amene anali pamwamba pa chithankicho.

Ndinanena Bisimila n'kulowa. Makutu anatsekeka, nesi anati ndizimeza malovu, ndipo ndinameza malovu masiku makumi atatu. Dokotala sanalonjeze kanthu. Anati ena zimawathandiza, ena ayi, komanso mankhwala a shuga ndisasiye. Ndinabwerera kwathu mapazi akungonyerenyesa pang'ono, ndikudziuza kuti ndi maganizo chabe.

Lachisanu titatha kuswali, ndinatuluka mumzikiti ndikufotokozera anzanga za misewu ya ku Joni, n'kupisa mapazi mu nsapato osayang'ana, monga mwa chizolowezi changa. Ndinaponda kamodzi, kawiri.

"Mayo ine!"

Chala chachikulu chinawawa mpaka m'mutu. Ndinaima chilili. Zaka zinayi chalacho chinali chisanandiuzepo kanthu.

Che Sidik anafika nsapato imodzi ili kumanja. "Mwayambanso?"

"Che Sidik, nsapato yanuyi imaluma! Mumayenda nayo bwanji?"

Anatsegula pakamwa kuti andizazire, kenako anandiyang'ana kuphazi, n'kuyang'ananso misozi inali m'masaya mwanga.

"Mwaimva?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndaimva."

"Alihamudulilahi. Ndiye vulani tsono."

"Dikirani kaye, ndiimveko bwino."

Ndinayenda nayo mpaka pamsika, ndikutsimphina, ndikuseka. Kumbuyo kwanga kunkamveka khwe, khwe, khwe, Che Sidik akukhwekhwereza chinsapato changa.