Malungo a Akimu Wochokera ku Joni

Akimu atafika ku Nselema kuchokera ku Joni, sipanapite nthawi anagwa ndi malungo. Ankanjenjemera mpaka mano kugundana.

Bambo ake, a Usumani, anangokhala pakhonde. Kwa zaka zambiri ankangomva mawu a mwana wawoyo pafoni. Mdzukulu wawo Ramla, wobadwira ku Joni komweko, anali asanamunyamulepo. Akimu anatsogola kudzafolera nyumba kuti mkazi ndi mwana amutsatire.

"Ababa, kuno kwandikana," anatero Akimu akubuula. "Ndikachira ndibwerera. Ramla sindimubweretsa."

A Usumani anapopa njinga n'kumukweza.

Kuchipatala anamuyeza magazi n'kumupatsa mankhwala. Potuluka anakumana ndi mayi Tamara, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo.

"Mwanayu anakulira konkuno," anatero a Usumani. "Asanapite, malungo ankangomukhudza pang'ono. Lero bwanji?"

"M'magazi mwathu muli asilikali, ndiwo chitetezo cha m'thupi," anayankha mayi Tamara. "Akalimbana ndi kachilombo amakakumbukira, ndiye kakabweranso amakapeza msanga. Koma za malungo amaiwala munthu akakhalitsa kumalo kopanda malungo. Asilikali ako, Akimu, ku Joni ankangodya n'kumanenepa ngati mwini wawo."

Akimu anaseka mofooka. "Ndiye ndasanduka mlendo kwathu komwe?"

"Iyayi, mudzi sunakukane. Thupi lako ndi limene laiwala."

A Usumani anakhosomola. "Nanga mdzukulu wanga?"

"Asilikali ake sanakumanepo ndi malungo n'komwe. Tisalole kuti asilikaliwo aphunzire mwana akudwala. Azigona m'neti tsiku lililonse. Akafika mubwere naye kusikelo tione akatemera amene akumusowa, poti katemera amaphunzitsa asilikali mdani asanafike. Thupi likatentha, musadikire kuche."

Akimu anamaliza mankhwala onse, nachira. Bambo ake sanamupemphe kuti akhale. Anangokhoma misomali, n'kupachika neti m'chipinda chilichonse cha nyumba yatsopanoyo, n'kukwirira chithaphwi cha kuseri. Akimu anayang'ana zonsezi, kenako anaimbira mkazi wake kuti anyamuke.

Tsiku limene Ramla anafika, anawakoka ndevu agogo akewo. A Usumani sanachotse kadzanjako.

M'bale akabwera kuchokera kumalo kopanda malungo, chitetezo chake chimakhala chitafooka. Mugonekeni m'neti kuyambira tsiku loyamba, ndipo akatentha thupi thamangirani naye kuchipatala.