Zala za Bambo pa Tayipi Yakale

Chimene ndinkaopa sichinali kuwononga makinawo ayi. Ndinkaopa kuti agwira bwinobwino, kenako n'kupeza kuti m'mutu mwa bambo mulibenso munthu.

Sitiroko inali itawatseka pakamwa kwa miyezi iwiri. Dokotala anati sangadziwe ngati akumva zimene tikulankhula. Cholembera chinkangogwa m'manja mwawo, kiyibodi ya kompyuta ankangoiyang'ana ngati katundu wa eni. Koma munthuyu anatayipa makalata a mu ofesi zaka makumi atatu, ndiye ndinakasolola tayipi yawo yakale kunsi kwa bedi. Zala zawo zinalibenso mphamvu yomenyera chilembo papepala, choncho ine, wokonza mafoni, ndinati ndiilumikiza ku kompyuta kuti kungokhudza batani kuzikwanira.

Ndinaigadamitsa patebulo, n'kumata kachitsulo kopyapyala kunsi kwa batani lililonse, kachitsulo kalikonse ndi waya wake. Ndinatha masiku anayi utsi wa mtovu uli m'maso. Nditayesa ndi zala ziwiri, mmene ndimajompholera ine ngati nkhuku, zilembo zonse zinatuluka bwino.

Achimwene anga ndi munthu wokana mvula ikuwanyowetsa. Anaima pakhomo la chipinda manja ali m'thumba.

"Iwe, ukungowavutitsa bambowa," anatero. "Zikakanika wolira ndiwe."

Tinawakhazika bambo tsonga pampando, ndinakankhira tebulo pafupi. Manja awo anakwera okha pamakinapo, pang'onopang'ono, akunjenjemera. Nthawi yomweyo sikirini inayamba kudzaza: aaassdddfffjjjkkll, mzere ndi mzere, osaima, popanda liwu ndi limodzi lomwe. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku lija bambo anagwa kubafa.

"Basi, zula," anatero achimwene, mawu atatsika. "Wadzionera wekha."

Dzanja langa linali kale pawaya pamene ndinayang'ana zala za bambo. Sizinkasuntha n'komwe. Zisanu ndi zitatu zinangogona pamzere wapakati, zazikulu ziwiri zili pamwamba pa batani lalitali losiyira mpata pakati pa mawu. Wotayipa weniweni amapumitsa zala pamenepo asanayambe, ndipo tayipi yakale imasenza kulemera kwake osalemba kanthu. Ine wosaphunzira ntchitoyo ndinali nditasendeza tizitsulo pafupi kwambiri, moti kungogoneka chala kunkalemba.

"Achimwene, sanayambe kulemba. Wolakwa ndine, dikirani."

Ndinaigadamitsanso, n'kuyamba kutalikitsa tizitsulo ndi pulayazi, kamodzikamodzi. Ndinkadziwa kuti ulendo uno zikatuluka zopanda mutu, sindidzakhalanso ndi pothawira.

Zala zinabwerera pamzere wawo. Sikirini inakhala yoyera. Mphindi inatha, inanso n'kutha, achimwene akupumira pakhosi panga. Kenako chala chapakati cha kumanzere chinatsika, batani n'kulira kuti tcha.

Analemba osayang'ana mabatani, maso ali pa ine: dzino

"Dzino, bambo? Dzino latani?"

likupweteka. lakumanzere kunsi. chiyambire kuchipatala

Achimwene anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Ine ndinakumbuka mmene misozi inkatsikira nthawi iliyonse ndikamawadyetsa, ndipo tinkauzana kuti ndi matendawa, odwala sitiroko amangolira opanda chifukwa. Supuni ndinkailowetsa kumanzere komweko, katatu patsiku, kwinaku ndikuwanyengerera ngati khanda kuti atsegule pakamwa.

"Pepani bambo," ndinatero. "Tikupita kwa dokotala wa mano lero lomwe."

Koma zala zinali zisanamalize. Zinayendanso, mochedwa, chilembo ndi chilembo, ife tikudikira.

ndinkakuwa mkati. sunkamva