Chitupa cha Fackson

Mukafunsa akuluakulu a timu ya mpira ya Mphangwe ku Katete, adzakuuzani monyada kuti mu 1962, chaka chimene timuyo inalowa mu ligi, Fackson Sakala anagoletsa zigoli khumi ndi chimodzi. Chimene sakonda kuwonjezera n'chakuti Fackson anaikidwa m'manda ligi isanayambe n'komwe.

Chibayo chinamutenga mu Malichi, mayina a osewera atatumizidwa kale ku ofesi ya ligi ku Fort Jameson, ndipo lamulo linali lakuti dzina likalembedwa lalembedwa. Ndiye a Shadreck, mphunzitsi wa timu, munthu woti akhoza kukugulitsa mbuzi yako yomwe, analondola Marko, mng'ono wa malemuyo, kumunda wa thonje.

"Mphwanga, nkhope yanu ndi imodzi. Tenga chitupa cha mkulu wako utimenyere chaka chino chokha. Mzungu wa ligi adziwa bwanji?"

Marko ankadziwa kuti dzina la wakufa salikuwa pagulu mzimu wake usanaperekezedwe. Koma moyo wake wonse anali ataima kunja kwa bwalo kuombera m'manja mkulu wake, ndipo kansanje kanalipo, tisaname. Anavomera. Mkazi wake Yunesi anangoti, "Mukuitana munthu amene sanafike kumene akupita."

Loweruka loyamba, dzuwa likuswa mtengo, bwalo lonse linali "Fackson! Fackson!" Mpira unabwera, ndipo Marko, amene chibadwire sanamenyepo ndi mwendo wamanzere, anangoona wamanzerewo wanyamuka wokha. Chigoli! Anthu anavina mpaka fumbi koboo. Iye anangoima, thupi lili zii, chifukwa wamanzere pabanja pawo anali Fackson.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kumusintha pang'onopang'ono. Fodya amene ankamunyansa anayamba kumulakalaka. Galu wake yemwe ankamuuwa pakhomo. Tsiku lina masana akuchokera kumunda, khasu paphewa, anadzidzimuka atakhala pampando pakhonde la Getrude, mkazi wamasiye wa mkulu wake, akuitanitsa madzi akumwa ndi mawu osakhala ake. Getrude anataya lichero nathawira kwa anansi akukuwa.

Apa Marko anachita mantha enieni. Anathamangira kwa a Shadreck.

"Aphunzitsi, tengani chitupa chanu. Ine ndikutha."

"Masewera atsala atatu okha. Ukasiya lero atitulukira, atichotsa mu ligi tonse. Limba mtima, Fackson."

A Shadreck sanazindikire n'komwe dzina limene anatchula. Choopsa n'chakuti nayenso Marko sanadabwe nalo mpaka atafika kunyumba. Anamenya masewera atatuwo, nagoletsa m'masewera onse. Yunesi anayamba kumupatsira chakudya atagwada patali, osamuyang'ana kumaso, monga achitira ndi alamu.

Mu Okutobala, ligi itatha, abale anafulula mowa wa bona kuti amuperekeze malemuyo. Anthu anasonkhana m'mawa pansi pa mtengo wa msolo. Atsibweni awo, a Fanuel, anatunga mowa m'chipanda naimirira.

"Marko, bwera uthire pansi, umutsanzike mkulu wako azipita."

Palibe ananyamuka. Nkhuku zokha ndizo zinkapalasa.

"Marko!"

Maso onse anali pa iye, ndipo sanamvetse chifukwa chake. Yunesi anali atagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Mwamuna wakeyo anakhalabe pamphasa, fodya ali kukamwa, kenaka anatembenuza khosi kuyang'ana kumbuyo, kunkhokwe, kunjira ya kumunda. Mtima unamupsa ndithu.

"Atsibweni, yambani," anatero. "Mwana ameneyu kuchedwa n'kwake. Kodi wapitanso kuti?"