Kamunthu Kamene Dyton Anasiya Pansi

"Zimitsa chimenecho, Tawina," anatero Selestina, koma maso ake sanachoke pa sikirini.

Tawina, mwana wake wamkulu, ankangofuna kuona ngati batire ya sola idakali ndi moto woti atchajire foni. Pogwiragwira mawaya anayatsa gemu ya bambo ake, ndipo kanyimbo kake kanalira m'nyumba ya maliro ngati palibe chachitika. Amayi a mumphakati amene ankatsuka mbale kuseri anasiya kulankhula. Panali patangopita masiku ochepa chiikire Dyton m'manda, fungo la utsi wa pasiwa lisanachoke m'makatani.

Pa sikirinipo panali kamunthu ka kabudula wachikasu, kataima m'dzenje lakuda bii. Pamwamba pake miyala, m'mbali miyala. Sikankachita kanthu, kankangopuma, kachifuwa kake kakukwera ndi kutsika. Selestina, amene anali ataona ndi maso ake anthu akutsitsa bokosi la mwamuna wake pa zingwe, anaona ngati akusuzumiranso m'manda muja.

Gemu imeneyi Selestina sanaikondepo ndi tsiku limodzi lomwe. Dyton anapita ku Joni kawiri: ali mnyamata kukagwira ntchito ku migodi, kenako ali bambo wa ana kukasamalira maluwa a mzungu wina. Pa ulendo wachiwiriwo anzake anabwerera ndi malata ndi makina osokera, iye n'kubwera ndi kabokosi ka kamunthu kodumpha maenje. Anthu a m'mudzi anatcha gemuyo Kadumphe, ndipo posakhalitsa dzinalo linamugwera mwini wakeyo. Ngakhale ku Nsipe pa msika ukafunsa za a Dyton ankayamba aganiza kaye, koma ukati a Kadumphe ankakulozera njira.

Chodabwitsa n'chakuti munthuyu ankaikonda gemuyo moikalipira. Ankati yoyamba ija ndiyo inali yeniyeni. Yachiwiri, imene anachita kuitanitsa kwa mnzake, anaiononga poti kamunthuko kakadumpha kankayandama ngati nthenga ya nkhuku. Yachitatu anaikamo mbalame yolongolola yopereka malangizo amene palibe anawapempha. Za chigawo cha m'madzi ndiye osanena: amene anajambula madziwo, ankatero Dyton, sanawolokepo Rivirivi mwezi wa Febuluwale. Iye ankafuna mukhale dzinja lenileni la matope oterera. Ankafuna kamunthuko kazisenza thumba la mbatata, tione ngati kangadumphebe mwamatama chonchija. Ankafuna azisewera anthu awiri, wina akaterereka mnzake amugwire dzanja. Mawu ake otsekera anali amodzimodzi, akanandifunsa ine. Selestina, ali pakhonde kusankha nyemba, ankamuyankha kuti akwere basi akawauze, ndipo Dyton ankati vuto anthuwo samva Chichewa.

Sitiroko itamufooketsa dzanja lamanzere, Selestina anayamba kukhala naye m'nyumba nthawi yaitali, ndipo m'pamene anaona kuti masewero a tsiku lililonse ankathera pamalo amodzi, pansi pa mgodi wa mu gemuyo, m'dzenje lakuda lija. Akafika pamenepo, Dyton, wolongolola uja, ankangoti zii. Selestina anaganiza kuti dzanja lamukanika, ndipo pomumvera chisoni sanamufunse.

Tsiku losesa, abale anagawa katundu wa malemu. Jekete, njinga ndi gemu zinagwera Kizito, mkulu wake wa Dyton, amene anali ndi kanyumba koonetsera mafilimu pa Nsipe. Kizito anati njinga akwera lero lomwe, koma gemu adzaitenga Loweruka. Anati pali munthu wodziwa amene adzafufute zonse zili m'katimo kuti ana olipira aziyambira poyamba. Selestina anafunsa kuti nanga akafufuta, kamunthu kali pansi kaja kapita kuti. Kizito anaseka pang'ono, osati monyoza, n'kumukumbutsa kuti si munthu ameneyo, alamu, ndi chithunzi chabe.

Selestina ankadziwa kuti ndi chithunzi. Anali mkazi wa tchalitchi, wosajomba Misa, ndipo akanamva mnzake akulankhula zotere akanamuseka. Koma kudziwako sikunamuthandize. Kanyimbo kaja ankakamva m'kulira kwa chigayo cha patsidya, ankakamva m'madzi odontha pa mjigo. Akatseka maso masana ankaona kachifuwa kaja kakukwera ndi kutsika mumdima. Ankaopa, ndipo mantha ake anali akuti mwamuna wake watsala pansi, ndipo Loweruka adzamufufutira komweko asanaone kuwala.

Tawina asanabwerere kuntchito ku Balaka, mayi ake anamukokera kuchipinda n'kumupempha kuti akatulutse kamunthuko. Tawina anawayang'ana nthawi yaitali, koma sanafunse chifukwa. Anayesa, nagwa, nayesanso, nagwanso, mpaka anavomera kuti gemu za bambo ake iye sanazitengere. Chimene anatha n'kuwaonetsa mabatani a pa rimoti: ili n'loyendera, ili n'lodumphira, ili n'losungira pamene mwafika. Kenako anawagwira dzanja n'kuwauza kuti asamadzivutitse, ndipo anakwera minibasi.

Motero namfedwa wa zaka zoposa makumi asanu, duku lakuda kumutu, anayamba kuphunzira kudumpha maenje. Ankadikira dzuwa likwere kuti batire idzaze, n'kuuza amayi obwera kudzakhala naye kuti mutu ukumupweteka, akufuna agoneko. Ankatseka chitseko, n'kutsitsa mawu mpaka pansi. Akanamupeza, nkhani ikanafika ku Manjawira dzuwa lisanalowe, kuti mkazi wa a Kadumphe akusewera dothi la pamanda lisanaume.

Tsiku loyamba zala zake zinali ngati zobwereka. Kamunthuko kankagunda khoma, kankadumpha pamene palibe dzenje, pa dzenje n'kungolowamo choyenda. Kakagwa, sikirini inkada, kenako n'kupezekanso kali pansi pa makwerero, kakupuma ngati kale. Chimenechi ndicho chinkamuwawa kwambiri Selestina, kuti ngakhale imfa sinkakatulutsa m'menemo.

Pobwererabwerera pansipo anaona chinthu chimene poyamba sanachilabadire. Chakumanzere kwa makwerero, pamene Dyton anasiya kamunthu kake, panali mulu wa miyala, ndipo kuseri kwa miyalayo kunali kamunthu kena kovala chisoti, kakugwedeza nyali uku ndi uku. Selestina anayesa kukankha miyalayo, anayesa kuidumpha, koma sizinatheke. Atamuimbira Tawina, mwanayo anamuuza kuti zimenezo amangojambula pokongoletsa, njira ndi ya m'mwamba. Selestina anakasiya kanyaliko n'kulimbana ndi makwerero.

Chimene chinamuthandiza ndi kudandaula kwa Dyton kuja. Zaka zonsezo ankayesa kuti zikulowa khutu ili n'kutulukira linalo, koma zinali zitakhala. Atafika pa matabwa atatu olenjekeka, anamva mawu a Dyton ali bwinobwino, akukalipa kuti thabwa lachiwirilo ndi labodza, anthu achinyengo, thabwa looneka lolimba n'kumathyoka. Analidumpha osaliponda. Pa ngolo zothamanga anakumbukira kuti Dyton ankati palibe wa mumgodi woona angakwere ngolo chiimirire, ndipo anaweramitsa kamunthuko mutu usanagunde denga. Pa mileme anakumbukira kuti opanga gemu ndi aulesi, mileme yonse imauluka mofanana, ukaidikira idutse kawiri njira imatseguka. Nthawi zina ankapezeka akumuyankha mokweza, kuti ndamva bambo, ndamva, musandisokoneze. Akatero ankacheukira pa mpando wa ndalema umene Dyton ankakhalira n'kupeza palibe munthu.

Lachisanu anafika pomaliza penipeni, pa chikepe chokwezera anthu pamwamba, n'kugwa. Anaika rimoti pansi, nalira kulira kumene sanalire ngakhale pa manda.

Loweruka kunacha ndi mitambo, ndipo batire inachedwa kudzaza. Selestina anayatsa gemu dzuwa lili pamutu. Anadutsa matabwa, anadutsa ngolo, anadikira mileme. Pa chikepe anadumpha, ndipo kamunthuko kanatera bwinobwino. Chikepe chinakwera, mdima unayamba kuchepa, ndipo pamwamba panaoneka khomo la mgodi, kunja kuli udzu wobiriwira ndi thambo. Panatsala kungoyenda pang'ono.

Nthawi yomweyo anamva odi, ndipo asanabise kanthu Kizito anali atakankha chitseko, thumba lopanda kanthu lili m'manja. Anaima pakhomo, akuyang'ana mlamu wake ali pa mkeka ndi rimoti, maso ali ofiira.

"Musandiseke, alamu," anatero Selestina. "Ndawatulutsa. Mukafufute tsopano, ali panja."

Kizito sanaseke. Anafunsa kuti kamunthuko anakapeza pati. Selestina anafotokoza kuti pansi penipeni, pamene dzanja linawakanikira abale anu. Kizito anafunsanso ngati panali pafupi ndi mulu wa miyala, pamene pali wina wa nyali. Selestina atavomera, bamboyo anatseka chitseko pang'onopang'ono, navula chipewa.

"Dzanja silinamukanike," anatero. "Ine ndinabwera kuno mwezi wathawu. Ndinamuseka kuti wakalamba, ndipo anakwera mgodi wonsewu ndi dzanja limodzi, ine ndikuona. Atafika pamene mwafika inupa anabwerera pansi dala."

Selestina anafunsa chifukwa chake, ndipo Kizito anatchula dzina limene m'nyumbamo silinkatchulidwa, la Geoffrey, mng'ono wawo. Selestina ankadziwa zochepa chabe: kuti anyamata atatu a bere limodzi anapita ku migodi iye asanakwatiwe, n'kubwerako awiri, ndipo kuti m'manda a Geoffrey anaikamo thunthu la nthochi poti mtembo sunabwere. Dyton sanawonjezerepo liwu pa zimenezo, ndipo iye sanakakamize.

Kizito anafotokoza ataima, maso ali pa sikirini. Denga litagwa, Geoffrey anatsekeredwa kuseri kwa miyala, wamoyo. Ankamumva akugogoda. Dyton anakana kukwera, anakhala pansi pamiyalapo akumulankhula, kumuuza za kumudzi, za ng'ombe za atate awo, za atsikana a ku Lizulu, chilichonse choti mwanayo adziwe kuti sali yekha. Akuluakulu a mgodi ataona kuti denga lina likufuna kugwa, analamula kuti chigawocho chitsekedwe. Dyton anachita kumunyamula amuna anayi, ndipo mmodzi wa iwo anali Kizito. Pamene ankamulowetsa m'chikepe, kugogoda kuja kunali kukumvekabe.

"Tsiku ndinabwera kuno lija anandiuza kuti zonse angawakhululukire anthu opanga gemuwa," anatero Kizito. "Mbalame yolongolola ija, madzi abodza aja, zonse. Koma kujambula munthu wamoyo kuseri kwa miyala, n'kumupatsa nyali yoti azigwedeza, osaika njira yomufikira, chimenecho ayi. Anati akanamufunsa iye, akanangopempha chingwe chimodzi basi."

Zinamupweteka Selestina kuti dandaulo lalikulu kuposa onse ndi limene Dyton sanamuuze, iye amene anamva za thumba la mbatata kambirimbiri mpaka kutopa nazo. Zinamupwetekanso kuti sabata yathunthu wakhala akutuluka thukuta kumuchotsa mwamuna wake pamalo pamene iye mwini anasankha kukhala. Anayang'ana udzu wobiriwira uja. Unali pafupi kwambiri, ndipo ankaufunitsitsa.

Kenako anatembenuza kamunthuko, nakayendetsa mpaka m'mphepete mwa dzenje la chikepe, nakagwetsera mumdima. Sikirini inada. Itayakanso, kanali pansi pa makwerero. Selestina anakayendetsa chakumanzere pang'onopang'ono, mpaka kanagunda mulu wa miyala. Kuseri, nyali ija inali ikugwedezekabe.

Anafuna kudina batani losungira, koma Kizito anatambasula dzanja kumuletsa.

"Dikirani kaye, alamu. Musagwire kanthu. Iye amadikira."

Selestina anaika rimoti pa mkeka. Kizito anapinda thumba lake lija kawiri, naliyala pansi, nakhalira. Panja wina ankaitana nkhuku, ndipo m'nyumbamo munali kanyimbo kokha, kotsika kwambiri. Anadikira nthawi imene kwa Selestina inaoneka yaitali. Kamunthuko kanapuma, kanayang'ana uku ndi uku ngati kakufunsa ngati pali woti akatume. Kataona kuti palibe, kanapinda miyendo, nikakhala pansi, msana kautsamiritsa pa miyala ija.

"Tsopano," anatero Kizito.

Selestina anasunga, nazimitsa.