Makina Okana Kusamuka

A Vitalis Daka sanali munthu wofunsa. Akazi awo, amayi Tisauke, ankati ngakhale tsiku la ukwati wawo analimva kwa anthu ena kumsika. Ndiye pamene chilole chachitali chinakhota pamsewu wa Great East n'kudzaima pawekishopu yawo kuseri kwa msika wa Chongwe, chitasenza chinthu chofunditsidwa tenti, amayiwo sanadabwe. Anangogwira m'chiuno n'kuti, "Ichi n'chani futi, atate ake Peti?"

Anali makina a CNC, aja osema chitsulo okha pomvera kompyuta. Mpeni wake umayenda ndi kupendekeka mbali zisanu, moti chitsulo chokhotakhota cha m'kati mwa pampu chimatuluka chathunthu munthu osachimasula n'kamodzi komwe. A Daka anawagula ogwiritsidwa kale ntchito, kukampani ina ya ku Kitwe imene inatseka. Ng'ombe zawo zonse za ku Palabana zinathera pamenepo.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, ngakhale iwo sanachitchulepo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Perpetua, amene pakhomo ankamutchula Peti, anaphunzira za makina otere ku Lusaka, ndipo mgodi wina wa ku Solwezi unali utamuitana. A Daka ankaopa nyumba ya zii. Ankaopanso kuti wekishopu imene anaimanga ndi manja awo idzasanduka sitolo ya munthu wina. Koma kutsegula pakamwa n'kunena kuti mwananga usapite, ayi, zimenezo zinkawalemera kuposa chimakinacho. Iwo anati mwana akangoona ichi, Solwezi aiwala yekha.

Anagumula khoma kuti chilowe. Anaitana kireni yonyamula zolemera kuchokera ku Lusaka, anathira simenti yatsopano pansi, anakokera magetsi amphamvu. Tsiku loyatsa, anthu a mumsika anadzaza pakhomo, ena atakwera pamatayala akale. A Daka anavala ovolosi yochapa, anadina batani, sikirini inawala. Kenako panatuluka mawu ofiira, basi, makina duu.

Perpetua anawerenga mawuwo kawiri. "Atate, akuti asunthidwa."

"Ee, asunthidwa, nanga achoka ku Kitwe na miyendo?"

Mwanayo anafotokoza mofatsa. M'kati mwa makinawo muli kachipangizo kamene kamamva kugwedezeka kwa ulendo. Kakamva, kamatseka zonse mpaka opanga makinawo atapereka nambala yotsegulira. Makina otere akhoza kusema ndi zida za nkhondo zomwe, choncho eni ake amafuna kudziwa kumene apita ndi amene akuwagwira.

"Nkhondo? Ine nifuna kupanga mapampu a mkaka," anatero a Daka. Anthu pakhomo anaseka, n'kuyamba kubalalika mmodzimmodzi.

Anaimbira Kabwe, amene anawagulitsa makinawo. Kabwe anati, "Ba Daka, kuno yenze kusebenza bwino," ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yake inangokhala yozima. Anaitana wamagetsi wina wodzitama wa pa boma, amene anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kuyang'ana mawaya, n'kutsekanso mwaulemu, n'kupempha ya basi. Mlimi wina wa ku Palabana anadikira ndi pampu yake yothyoka mpaka mkaka unayamba kumusasira, ndipo anapita nayo ku Lusaka. Amayi a mumsika anawapatsa makinawo dzina loti firiji ya a Daka. Nkhuku nazo zinayamba kugona pamwamba pake.

A Daka anawonda ndi mkwiyo. M'mawa uliwonse ankayatsa, mawu ofiira aja n'kuwalonjera, iwo n'kutukwana mpaka kukhosi kuuma. Tsiku lina anawamenya ndi sipanala, n'kupukutanso msanga pomwe anamenyapo ndi mkono wa malaya.

Amayi Tisauke, m'malo mowatonthoza, ankathira tsabola. "Uyu ni mtengwa, mkwatibwi watsopano, atate ake Peti. Mtengwa akafika pa nyumba ya eni sakamba, sakudya, mpaka mumupatse kanthu. Imwe mwamunyamula chabe monga thumba la chimanga."

"Iwe, nisiye."

Perpetua ndiye anavutika kufunafuna opanga makinawo, mpaka anapeza woimira kampaniyo ku Joni. Anagwirizana zolankhulana pafoni ya kanema masana ena, foniyo itatsamira pabotolo la oyilo. Bamboyo anali waulemu koma wosagonja. Anati makinawo anayenera kusamutsidwa kampani itauzidwa kaye. Komabe atumiza munthu wawo kudzaona malo, ndipo akakhutira atsegula. Chimodzi chokha: ankafuna dzina la munthu wophunzira amene adzakhale ndi makinawo masiku onse.

A Daka sanadikire. Anakankhira nkhope pafoni n'kunena mokweza, monyadira, "Perpetua Daka."

Mwanayo anauza bambo wa ku Joni uja kuti amuimbiranso, n'kuzimitsa foni.

"Atate, musananyamule makina aya, munafunsa eni ake?"

"Nifunse chani? Ninagula ine."

"Nanga ine munanifunsa?"

A Daka anayang'ana kumbali, kumene kunali khoma logumula lija, loti mpaka pano anali asanalimangenso.

"Mwagulitsa ng'ombe za amama, mwagwetsa chipupa, Chongwe yonse itiseka, zonse izi kuopa mawu awiri chabe," anatero Perpetua. "Ninayembekeza, atate. Ku Solwezi ninawachedwetsa, niti kapena muzakamba. Sembe munaniuza kuti mufuna nikhale, sembe ninaganizapo. Manje ninavomera. Niyenda pa Mande."

Mtima wa a Daka unawawa kwambiri, ndipo monga mwa chizolowezi chawo ululuwo unatuluka ngati ukali. Anati apite, wekishopu inayamba iye asanabadwe. Amayi Tisauke, amene anali pakhomo ndi beseni la tomato, ulendo uno sanaseke.

Lolemba m'mawa a Daka ananyamula okha chikwama cha mwana wawo mpaka pokwerera maminibasi a ku Lusaka. Njira yonse ankakamba za mtengo wa simenti. Perpetua atakhala kale pawindo, kondakitala akuitanira munthu womaliza, ndi pamene mawu aja anatuluka, aang'ono, osasa.

"Peti, usayende."

Mwanayo anatulutsa dzanja pawindo n'kugwira la atate ake, lokhakhala ndi zipsera za chitsulo. Misozi inali mbwee m'maso mwa mwanayo. "Mwachedwa, atate."

Kondakitala anamenya chitseko, minibasi inanyamuka.

A Daka atabwerera kuwekishopu anapeza foni yawo ikulira pabenchi. Anali bambo wa ku Joni uja, akufunsa ngati dzina lija alilembe, kuti akonze ulendo wa munthu wawo. A Daka anayang'ana mawu ofiira pasikirini nthawi yaitali.

"Palibe dzina," anatero. Anazimitsa makinawo, n'kupita kukafuna tenti ija yowafunditsa.